Kodi Oklahoma City Thunder ya 2025 ingaime pati pakati pa matimu akuluakulu a NBA?

Pa 22 June 2025, timu ya Oklahoma City Thunder idagonjetsa Indiana Pacers ndi mapointi 103 kwa 91 pamasewero achisanu ndi chiwiri a ndime yotsiriza, ndipo idatenga chikho cha NBA, ligi yaikulu kuposa ina iliyonse ya basketball padziko lapansi. Chikondwerero chisanathe n'komwe, mkangano udali utabuka kale pakati pa okonda masewerawa, wakuti kodi timu imeneyi ingakhale pamphasa imodzi ndi Chicago Bulls ya Michael Jordan, Boston Celtics ya Larry Bird, kapena Golden State Warriors ya Stephen Curry ndi Kevin Durant. Funsoli limabwera chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri silichedwa kuzilala chifukwa matimu ambiri otenga chikho amakhala abwino chabe, osati odabwitsa. Ulendo uno lidali ndi maziko. Thunder idapambana masewero 68 mwa 82, ndipo tikawerengera nyengo yonse, inkaposa adani ake ndi mapointi 12.9 pamasewero aliwonse, chinthu chomwe palibe timu idachitapo m'mbiri ya ligiyi.

Chimene chimachititsa kuti anthu asamvane n'chakuti amasakaniza mafunso awiri osiyana. Loyamba ndi lakuti, matimu awiriwa atakumana pabwalo limodzi, angapambane ndani? Lachiwiri ndi lakuti, timu iliyonse idasiya patali bwanji matimu omwe inkapikisana nawo m'nthawi yake? Funso loyambalo ndi lokoma pocheza, koma lilibe yankho loona, chifukwa masewera omwe Jerry West ankasewera mu 1972, omwe Jordan ankasewera mu 1996, ndi omwe Shai Gilgeous-Alexander, katswiri wa Thunder, akusewera masiku ano amafanana dzina ndi bwalo, koma malamulo ake ndi osiyana kwambiri, moti amene wasankha malamulo oti agwiritsidwe ntchito ndiye kuti wasankhiratu wopambana.

Tiyambe ndi mzere wa mapointi atatu, umene udalowa mu NBA mu 1979. Mpira woponyedwa kuseri kwa mzerewu ukalowa umawerengedwa mapointi atatu m'malo mwa awiri. Los Angeles Lakers ya 1971-72, yomwe idapambana masewero 69 ndiponso masewero 33 motsatizana, sidaudziwe n'komwe mzerewu. Mu 1985-86 mzerewu udalipo, koma unkaonedwa ngati chokometsera chabe, moti Bird, amene adatsogola ligi yonse pa mipira yolowa kuchokera kuseri kwa mzerewu, adalowetsa 82 yokha nyengo yonse. Patapita zaka 30, Curry adalowetsa 402. M'nthawi ya Bulls ya 1995-96 timu inkaponya mipira yotere pafupifupi 16 pamasewero amodzi, ndipo apo n'kuti ligi itasendeza mzerewo pafupi ndi basiketi kwa nyengo zitatu, kuyambira 1994 mpaka 1997. Mu 2024-25 chiwerengerocho chidafika pafupifupi 37. Kusinthaku sikukhudza mapointi okha. Pamene osewera anayi kapena onse asanu a timu yomwe ili ndi mpira angathe kuchinya ali patali, otchinga amakakamizika kutuluka pansi pa basiketi n'kumawatsatira kunja, bwalo limatambasuka, ndipo munthu wamtali wolemera thupi, amene kale ankangoima pafupi ndi basiketi kudikira adani, lero amamukokera kunja n'kumuthamangitsa mpaka mphunzitsi wake atamutulutsa.

Malamulo a katchingidwe nawo adasintha, ndipo adasinthira mbali ziwiri zotsutsana. Chisanafike chaka cha 2001, wotchinga sankaloledwa kungoima pamalo kulondera mpata. Ankayenera kutsatira munthu wake, kapena kupita ndithu kukathandiza mnzake kutsekereza amene ali ndi mpira. Izi zinkalola timu kusonkhanitsa osewera ake mbali imodzi ya bwalo, n'kusiya katswiri wawo mbali inayo ali ndi mdani mmodzi yekha, ndipo Jordan adadyerera kwambiri lamuloli. Komabe m'nthawi yomweyo wotchinga ankatha kuika dzanja pathupi la amene ali ndi mpira n'kumamukankha pang'onopang'ono kuti alowere kumene iye akufuna, khalidwe lomwe ligi idayamba kulichepetsa mu 1994 ndipo idaliletsa mwamphamvu mu 2004. Choncho amene amanena kuti Jordan akadachinya mapointi 40 pamasewero aliwonse lero chifukwa palibe womugwira, amaiwala kuti lero akadapeza anthu awiri kapena atatu akumudikirira kutsogolo asanafike n'komwe pabasiketi. Nawonso amene amanyoza osewera akale kuti sankadziwa kuponya patali amaiwala kuti palibe mphunzitsi ankawauza kutero. Pansi pa malamulo a lero, Luc Longley wa Bulls kapena Robert Parish wa Celtics akadavutika kuthamangira osewera kunja kwa mzere. Pansi pa malamulo a 2001, sindikuona mmene Chet Holmgren wa Thunder, ndi thupi lake lowonda lija, akadaimira Shaquille O'Neal, munthu wolemera makilogalamu oposa 140 amene ankangolandira mpira n'kulowa nawo basi. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo palibe chimene chikuthetsa mkangano.

Funso lachiwiri ndi limene tingalikhalire pansi, chifukwa timu iliyonse imaweruzidwa ndi malamulo ake komanso adani ake. Pano manambala a Thunder ndi oopsa ndithu. Inkachinya mapointi 120.5 n'kuchinyitsa 107.6. Lakers ya 1971-72, ya West, Wilt Chamberlain ndi Gail Goodrich, inkachinya 121.0 n'kuchinyitsa 108.7, kusiyana kwa 12.3, ndipo mbiri imeneyi idakhala zaka zoposa 50 osaphwanyidwa. Bulls ya 1995-96 inkachinya pafupifupi 105 n'kuchinyitsa pafupifupi 93, kusiyana kwa 12.2. Munthu wongoyang'ana apa anganene kuti Thunder yaposa onse.

Koma pali nkhani ya liwiro la masewero. Mlimi amene wakolola matumba 60 pa maekala atatu sanapose mnzake amene wakolola matumba 50 pa maekala awiri, ndipo mu basketball maekalawo ndi mipata imene timu imakhala ndi mpira. Mu 1972 masewero ankathamanga kwambiri, ndipo timu inkapeza mipata yoposa 110. Mu 1996 ankayenda mwachifatse, mipata inkangopitirira pang'ono 90, pamene mu 2025 inali pafupifupi 100. Timu yabwino ikapatsidwa mipata yambiri, kusiyana kwake ndi mdani kumakula kokha. N'chifukwa chake akatswiri owerengera masewerawa amayeza kusiyana kwa mapointi pa mipata 100 iliyonse, ndipo tikayeza motero Bulls imabwerera pamwamba ndi mapointi oposa 13, Thunder imabwera pambuyo pake ndi ochepera pang'ono 13, pamene Lakers ya 1972 imatsika ndithu. Kukhala wachiwiri kwa Bulls ya 1996 si chinthu chochepa. Tiyenera kungokumbukira kuti mipira ya mapointi atatu imakulitsa kusiyana msanga timu ina ikayamba kufooka, moti masiku ano kugonjetsana ndi mapointi ochuluka sikukusowa. Chaka chimodzi chokha m'mbuyomo, Boston Celtics ya 2023-24 idaposa adani ake ndi mapointi oposa 11 pamasewero aliwonse.

Kenaka pamabwera funso la mphamvu za adaniwo, ndipo apa palibe nyengo yopanda chilema. Lakers ya 1972 inkasewera m'ligi ya matimu 17 panthawi imene ligi ina yopikisana nayo, ya ABA, idali itatenga akatswiri ngati Julius Erving, Artis Gilmore ndi Rick Barry. Bulls idapambana masewero 72 m'chaka chomwe matimu awiri atsopano, Toronto ndi Vancouver, adangolowa kumene, ndipo pakati pa 1988 ndi 1995 ligi idakula kuchoka pa matimu 23 kufika 29, zomwe zikutanthauza kuti osewera abwino adamwazikana. Masiku ano kuli matimu ena amene amagonja mwadala kumapeto kwa nyengo pofuna mwayi wosankha achinyamata aluso, ndipo zimenezi zimafufumitsa manambala a matimu apamwamba. Ngakhale zili choncho, ine ndimakhulupirira kuti ligi ya lero ndiyo ili ndi luso lochuluka kuposa kale lonse, chifukwa tsopano imakolola dziko lonse lapansi. Nyengo ya 2024-25 idayamba ndi osewera oposa 120 ochokera kunja kwa United States, ndipo kuyambira 2019 mpaka 2025 mphoto ya wosewera wopambana onse, ya MVP, idapita kwa obadwira kunja okhaokha, omwe ndi Giannis Antetokounmpo wa ku Greece, Nikola Jokic wa ku Serbia, Joel Embiid wobadwira ku Cameroon, ndi Gilgeous-Alexander wa ku Canada. Thunder idachita zimene idachitazo m'chigawo cha kumadzulo, chomwe chidali cholimba kwambiri, Holmgren atasewera masewero osakwana theka chifukwa chothyoka fupa la m'chiuno, ndipo pokumana ndi matimu a kum'mawa idagonja kamodzi kokha pa masewero 30.

Kwa amene adaionera, timuyi ikufanana ndi Bulls kuposa mmene ikufananira ndi Warriors, ndipo kufananako kuli pa katchingidwe. Bulls ya 1996 idali ndi Jordan, Scottie Pippen ndi Dennis Rodman, onse atatu m'gulu la otchinga asanu opambana m'ligi chaka chimenecho, kuphatikizapo Ron Harper, ndipo ankamupanikiza mdani kuyambira pakati pa bwalo mpaka ataye mpira. Mphunzitsi wa Thunder, Mark Daigneault, adamanga chofanana ndi chimenechi ndi Luguentz Dort, Jalen Williams, Alex Caruso ndi Cason Wallace, anyamata a manja achangu amene amalanda mpira mosalekeza, kumbuyo kwawo kuli Holmgren ndi Isaiah Hartenstein olondera basiketi. Thunder idatsogola ligi pa kulanda mipira, pamene iyo inkataya yochepa kuposa timu ina iliyonse, ndipo zotsatira zake n'zakuti inkaponya mipira yambiri kuposa adani ake ngakhale patsiku limene sinkalowa bwino. Kutsogolo nako, Gilgeous-Alexander sadalira kwenikweni kuponya patali. Amalowa pakati pa otchinga, kuima mwadzidzidzi n'kuponya ali chapakatikati, kapena kuwachititsa kuti amuchimwire, kaseweredwe komwe kakukumbutsa Jordan wa zaka zake zakumapeto ku Chicago. Adachinya mapointi 32.7 pamasewero aliwonse, ndipo adatenga pamodzi ulemu wa wochinya kwambiri m'ligi, MVP wa nyengo, ndi MVP wa ndime yotsiriza, chinthu chomwe adachichita komaliza ndi O'Neal mu 2000. Tinganenenso modutsa kuti timu yomwe Bulls idagonjetsa potenga chikho cha 1996 idali Seattle SuperSonics, ndipo ndi timu yomweyo imene idasamukira ku Oklahoma City mu 2008 n'kusintha dzina kukhala Thunder.

Mpaka apa Thunder ikuima bwino. Pamene ikutsalira ndi m'ndime yachipulula, ndipo ndime imeneyi ndi imene ine ndimailemekeza koposa, chifukwa kumeneko kulibe timu yofooka, ndipo mdani mmodzi amakumana nawe mpaka kasanu ndi kawiri, akuphunzira zofooka zako tsiku lililonse. Bulls ya 1996 idapambana masewero 15 n'kugonja atatu. Celtics ya 1986, yomwe pakhomo pake idagonja kamodzi kokha pa masewero 41 a nyengo, nayonso idapambana 15 n'kugonja atatu. Lakers ya 2001 ya O'Neal ndi Kobe Bryant, imene idangopambana masewero 56 m'nyengo, idadzuka m'ndime yachipulula n'kupambana 15, kugonja kamodzi kokha kwa Philadelphia ya Allen Iverson, ndipo matimu onse anayi omwe idawachotsa adali atapambana masewero 50 kapena kuposerapo. Warriors ya 2017 idapambana 16 n'kugonja kamodzi. Kusiyana kwa 15 ndi 16 kukuchokera poti chisanafike chaka cha 2003 ndime yoyamba inkatha timu ikapambana katatu.

Thunder idapambana 16 n'kugonja kasanu ndi kawiri. Idasesa Memphis, kuyambira ndi chipambano cha mapointi 51, ndipo Minnesota idaichotsa m'masewero asanu, koma Denver ya Jokic idaikokera mpaka masewero achisanu ndi chiwiri, ndipo Indiana idachita chimodzimodzi. Pamasewero oyamba a ndime yotsiriza Thunder idatsogola kuyambira pachiyambi, koma Tyrese Haliburton wa Indiana adaponya mpira wopambanitsa kutatsala kachigawo kochepa ka sekondi imodzi. Itagonjanso pamasewero achitatu, idalowa m'chigawo chomaliza cha masewero achinayi ili kumbuyo, pabwalo la adani, ndipo idapulumuka chifukwa Gilgeous-Alexander adachinya mapointi 15 m'mphindi zosakwana zisanu zomaliza. Pamasewero achisanu ndi chimodzi, ili ndi mwayi wotseka nkhani, idagonja 108 kwa 91. Ndipo patsiku lomaliza Haliburton, amene adayamba bwino kwambiri, adaduka mtsempha wa kuchidendene m'chigawo choyamba, koma ngakhale popanda iye Indiana inkatsogola 48 kwa 47 popita kokapuma. Palibe amene angalande Thunder chikho chake chifukwa cha zimenezi, pakuti kuvulala ndi mbali ya masewerawa, ndipo Warriors ya 2017 nayo idapepukidwa Kawhi Leonard wa San Antonio atavulala timu yake ikutsogola ndi mapointi oposa 20. Koma Warriors sidafike pamphepete pa phompho ngakhale kamodzi, pamene Thunder idafikapo kawiri. Mipira yake ikakana kulowa, ndipo mdani akasiya kutaya mpira, timuyi inkaoneka yosowa njira ina kupatula kupereka mpira kwa katswiri wake. Pachifukwa chimenechi sindingaiike pamwamba pa Bulls ya 1996 kapena Warriors ya 2017, ndipo ndikukayika ngati ingapose Celtics ya 1986.

Wina angatsutse kuti masewero 82 a nyengo amanena zoona zambiri kuposa masewero 23 a ndime yachipulula, ndipo m'kawerengedwe akunena zomveka. Koma Warriors ya 2015-16 idapambana masewero 73, kuposa timu ina iliyonse m'mbiri, kenaka n'kugonja kwa Cleveland ya LeBron James itatsogola kale masewero atatu kwa amodzi, ndipo lero ndi ochepa amene amaitchula ngati timu yopambana zonse. Osewera eni ake amasunga mphamvu zawo kudikira April, May ndi June, ndiye n'koyenera kuwaweruza ndi miyezi yomwe iwo amaiona kuti ndiyo yofunika.

Pali chinthu china chimene chimapondereza matimu atsopano pamkangano wotere, ndicho kulemera kwa maina. Tikamatchula Celtics ya 1986 timatchula Bird, Kevin McHale, Parish, Dennis Johnson ndi Bill Walton, ndipo timawatchula tikudziwa kale mbiri ya moyo wawo wonse wa masewera, kuti onse asanu adalowa m'nyumba yolemekezera akatswiri ya Hall of Fame. Tikamatchula Jalen Williams ndi Holmgren timatchula anyamata amene adalowa m'ligi mu 2022, amene mbiri yawo ikulembedwa kumene. Mu 1991, Bulls ikutenga chikho chake choyamba, Pippen sadali dzina lolemera monga lilili lero. Williams adachinya mapointi 40 pamasewero achisanu a ndime yotsiriza ali ndi zaka 24, ndipo mwina patapita zaka khumi anthu adzayang'ana mndandanda wa timuyi n'kudabwa kuti anthu onsewa adali pamodzi. Mwinanso ayi. Chilungamo n'chakuti tisaichepetse chifukwa maina ake sanakhwime, komanso tisaipatse ulemu wa zikho zimene sinatenge.

Ulemu waukulu wa matimu akale uli pa kubwereza. Celtics ya Bill Russell idatenga zikho 11 m'nyengo 13, zisanu ndi zitatu mwa izo motsatizana kuyambira 1959 mpaka 1966, ngakhale kuti m'zaka zisanu ndi zitatuzo ligi idali ndi matimu asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi okha. Bulls idatenga zisanu ndi chimodzi pakati pa 1991 ndi 1998, ndipo itapambana masewero 72 idabweranso chaka chotsatira n'kupambana 69. Masiku ano kubwereza kwavuta, ndipo sikuti kwavuta mwangozi. Kuyambira 2019 mpaka 2025 chikho chidapita ku matimu asanu ndi awiri osiyana, omwe ndi Toronto, Lakers, Milwaukee, Golden State, Denver, Boston ndi Oklahoma City. Mgwirizano wa 2023 wa pakati pa ligi ndi bungwe la osewera udakhwimitsa zilango kwa matimu olipira malipiro ochuluka kwambiri, moti timu ikapyola malire ena siimangolipira msonkho, koma imamangidwanso manja pa kusinthana osewera ndi kulemba ena atsopano. Cholinga chake n'chakuti timu yodzaza ndi akatswiri, ngati Warriors ya Durant ija, isamakhalitse. Motero zikho ziwiri kapena zitatu m'nyengo ino zingalemere mofanana ndi zinayi kapena zisanu za kale, ndipo woyerekeza mwachilungamo ayenera kukumbukira zimenezi.

Pa zonsezi, ine ndikuona kuti anthu akulakwitsa posankha matimu oyerekeza nawo. Bulls ya 1996 idali timu ya akuluakulu, Jordan ali ndi zaka 33 ndiponso zikho zitatu kale. Warriors ya 2017 idali timu yomwe idatengapo kale chikho, n'kuwonjezera MVP wachiwiri, Durant, amene idamutenga ku Oklahoma City komweko. Thunder ya 2025 idali kutenga chikho choyamba chisamukireni ku Oklahoma City, ndipo idali timu yachiwiri kuchepa msinkhu pa matimu onse otenga chikho m'zaka pafupifupi 50. Idamangidwa pang'onopang'ono ndi Sam Presti, mkulu woyang'anira timuyi, amene mu 2019 adapereka Paul George kwa Los Angeles Clippers n'kulandira Gilgeous-Alexander pamodzi ndi mwayi wosankha achinyamata, umodzi mwa iwo n'kudzabala Williams. Anzake enieni a timu yotere ndi awiri. Woyamba ndi Warriors ya 2015, imene idapambana masewero 67, idagonja kasanu m'ndime yachipulula, idakumana ndi Cleveland yopanda Kevin Love ndiponso yotaya Kyrie Irving pamasewero oyamba, ndipo anthu ankati idangochita mwayi, koma pambuyo pake idawonjezera zikho zitatu. Wachiwiri ndi Portland Trail Blazers ya 1977, timu yokhayo yomwe idali yocheperapo msinkhu, imene anthu ankati idzalamulira ligi kwa zaka zambiri. Nyengo yotsatira idapambana masewero 50 mwa 60 oyamba, kenaka phazi la Walton, amene panthawiyo adali katswiri wa timuyi, lidavulala, ndipo Portland sinatengenso chikho kuyambira pamenepo.